Tsamba Lodulidwa ndi Lumo

Alder Ford, Oregon
9 Febuluwale 1976

Mlongo wanga Wendell,

Ndikhulupirira uli bwino ku Chicago kumeneko, ngakhale chichokere Khirisimasi sitinamve ndi kutsokomola kwako komwe. Munthu wolemba mawu chikwi tsiku lililonse m'nyuzipepala yaikulu, koma mizere isanu yopita kwanu ikukukanika. Ife kuno tilipo. Mvula sikukata, denga la ku ofesi likudontha pomwe paja, ndipo ndowa yake ndi yomwe ija.

Bambo akukalamba. Adokotala akuti mtima wawo watopa, asamakwere masitepe ndipo asiye kaliwo. Masitepe asiya. Ku ofesi amabwerabe m'mawa uliwonse, ndipo ngakhale mkonzi wa nyuzipepala yathu ya Lantern tsopano ndine, pensulo yofiira ikadali m'manja mwawo. Sabata yatha tinalemba kuti mphoto ya makeke ku tchalitchi anapata ndi Mayi Stoltz aang'ono, chonsecho anali apongozi awo. Bambo anandiimika ngati mwana wa sukulu. "Lorna, dzina la munthu ndi malaya ake a Lamulungu. Sudetsa n'kungochokapo." Zotsatira ukuzidziwa: Lachinayi linalo, tsamba lachiwiri, pansi pa mutu uja wakuti TINALAKWITSA. Zaka makumi anayi danga limenelo silinasowepo, ndipo alipo anthu amene amagula nyuzipepala kuti awerenge lokhalo.

Chimene ndakulembera ndi ichi. Pa 4 Julayi dziko likukwanitsa zaka mazana awiri, ndipo tauni yonse yapenga. Ngakhale mipope ya madzi ya m'misewu aipaka utoto wa mbendera. Akomiti ya chikondwerero akufuna titulutse nyuzipepala yapadera pa 1 Julayi, yokhala ndi mbiri ya chigwa chathu kuyambira pa ngolo zoyamba. Ine ntchito yanga ndi maukwati, agalu osowa ndi mtengo wa maapozi. Mbiri ndi yako. Utilembere masamba anayi.

Bambo sanakupemphe, ukuwadziwa. Koma nditatchula dzina lako anangoti, "Ameneyo amafunsa kaye asanalembe." Kwa iwowa kumeneko ndi kukukumbatira.

Uyankhe msanga. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Ndine mlongo wako,
Lorna

Chicago
1 Malichi 1976

Achemwali,

Zikomo chifukwa cha kalata ndi mnyozo womwe. Ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kumalowa mpaka m'mano. Pepani pochedwa. Ndinali kukhoti milungu itatu kutsatira mlandu wa makhansala awiri ogulitsa ziphaso za mabala. Ndinalemba mawu zikwi khumi, ndipo lero amene akukumbukira nkhaniyo ndi makhansalawo basi. Kuno nkhani imafa madzulo a tsiku lomwelo. Kwanu mukalakwitsa keke, munthu amakukumbutsani pa maliro anu.

Mbiriyo ndilemba. Koma ndinene poyamba: sindilemba zoti agogo athu anafika ndi Baibulo ndi khasu n'kupeza chigwa chikuwadikira chopanda munthu. Mabuku a sukulu anatinamiza mokwanira. Ndilemba za amene anawapeza, za madzi osefukira a 1894, za njanji, ndi za nkhondo. Ngati akomiti akufuna nyimbo, aitane kwaya.

Mundithandize chinthu chimodzi. Za kale kwambiri ndizipeza m'malaibulale a kuno, koma za nkhondo gwero lake ndi Lantern yomwe. Mutsike m'chipinda chapansi muja, mutsegule mabuku akuluakulu amene Bambo anamangamo nyuzipepala zakale, mundijambulire masamba oyamba onse kuchokera Disembala 1941 mpaka Juni 1942. Ndikufuna kuona mmene tinalembera pamene boma linasamutsa mabanja a Chijapani. Ine ndinali wa zaka ziwiri, sindikumbuka kanthu, ndipo patebulo pathu nkhaniyi sinkakambidwa.

Lantern sindinaione zaka khumi ndi ziwiri. Paja tsiku limene ndinakana kutenga ofesi n'kukwera sitima, Bambo anati wofuna nyuzipepala yawo alembetse ngati wina aliyense. Ine sindinalembetse, iwo sanatumize. Amakani awiri m'nyumba imodzi. Muwapatse moni, ndipo kaliwoyo mubise.

Ine wanu,
Wendell

Alder Ford
15 Malichi 1976

Wendell,

Moni. Tili bwino, kaliwo ndinabisa, anagula wina.

Masamba ako ndatumiza m'phukusi lapadera. Ndinameza fumbi masana awiri, ndipo uyembekezere kuti ndidzakukumbutsa mpaka kale. Koma awerenge, upeza kuti akuperewera. Tsamba loyamba la pa 9 Epulo 1942 mulibe. Si mbewa ndipo si chinyezi. Wina analidula ndi lumo, mowongoka bwino, motsamira rula, n'kusiya kamzere kopyapyala m'mbali. M'mabuku onse makumi anayi palibe tsamba lina losowa. Ndinayang'ana.

Ndinakwera n'kuwafunsa Bambo. Anali akuwerenga nkhani ya maliro a Bambo Tuttle, pensulo ili kukamwa. Ndinati, "Bambo, tsamba la pa 9 Epulo 1942 lili kuti?" Sanadzutse mutu. Anati, "Tuttle anabadwa 1898 kapena 1899? Imbira mkazi wake." Ndinabwereza funso. Anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali, n'kuti, "Nyuzipepala ya dzulo ndi yokulungira nsomba, Lorna." Awa ndi munthu yemwe uja anakukwapula chifukwa chong'amba ngodya ya tsamba la 1951.

Sindinawafunsenso. Nkhope yawo inatuwa ndipo ndinachita mantha. Pa foni usayerekeze kufunsa, paja ili patebulo pawo. Mwina ndi nkhani yaing'ono. Lemba za nkhondo ndi zimene uli nazo, masamba 29 akukwanira.

Lorna

Chicago
12 Epulo 1976

Achemwali,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ayi.

Mtolankhani ukamuuza kuti tsamba limodzi lasowa, enawo saawerenganso. Ndinalembera laibulale ya ku yunivesite kwathu konko, imene imasunga zithunzi za nyuzipepala zonse za m'maboma. Dzulo tsambalo lafika. Mutu wake, m'zilembo zazikulu: MOTO WA CHIZINDIKIRO M'MUNDA WA MJAPANI. Nkhaniyo ikuti apolisi amanga Tatsuo Nakagiri, mlimi wa maapozi wa ku msewu wa kumtsinje, ataona moto woyatsidwa m'mizere m'munda mwake mbandakucha wa Lolemba, mizere yoloza ku damu, ndipo akukhulupirira kuti ankalozera ndege za adani. Pansi pake pali zilembo ziwiri, O.H. Orrin Halvorsen, bambo athu.

Tsopano mverani. Pa tsamba lomwelo, m'munsi kumanzere, pali kankhani ka mizere isanu ndi umodzi. Kakuti chisanu chinagwa mwamphamvu Lolemba, ndipo alimi onse a m'chigwa anayatsa mbaula zawo za mafuta pakati pa mitengo kuti maluwa a maapozi asapse. Onse, achemwali. Inu ndi ine tanyamulapo mbaula zimenezo. Zimaikidwa m'mizere chifukwa mitengo ili m'mizere, ndipo mizere yonse ya m'chigwa chathu imaloza ku damu chifukwa mtsinje umachokera komweko. Mwana wa zaka zisanu wa ku Alder Ford amadziwa zimenezi. Bambo analemba nkhani zonse ziwiri ndi dzanja limodzi, sabata imodzi.

Ananditumiziranso masamba achiwiri, ndipo ndafufuza danga la TINALAKWITSA m'masabata otsatira. Muli za ng'ombe ya a Pruitt imene inali yaikazi osati yamphongo. Za a Nakagiri mulibe.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikumva mawu awo m'khutu: "Pita ukamufunse mwini wake." Ndi chifukwa chake ndili pa ntchito imeneyi. Kuchokera ku ofesi kukafika kwa a Nakagiri ndi mtunda wa mailosi awiri. Sanapite. Kenako anatenga lumo.

Nkhaniyi ilowa m'mbiri, ndi dzina lawo lomwe. Mukaichotsa, ndiipereka kwa akonzi anga kuno. Ndiuzeni zoona: inu munali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Munkadziwa?

Wendell

Alder Ford
19 Epulo 1976

Wendell,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi anatiphunzitsa kutero.

Ayi, sindinkadziwa. Ndikanadziwa ndikanakutumizira masamba ndi kukuuza ndekha kuti limodzi ladulidwa? Ganiza, paja ndiwe wanzeru wa pabanja pano. Chimene ndimadziwa ndi chakuti Sachiko Nakagiri ankakhala nane desiki imodzi, ankandibwereketsa chofufutira chake, ndipo tsiku lina mu Meyi desikiyo inali yanga ndekha. Aphunzitsi anati tisafunse. Sindinafunse mpaka lero, ndipo manyazi ake ndili nawo, sukufunika kundiwonjezera.

Koma iweyo. Ukhala ku Chicago, ulemba nkhani yako yabwino ya mwana wolimba mtima woulula bambo ake, anzako akugwira chanza, mwina n'kukupatsa kamphoto. Amene adzapite kukagula buledi m'mawa mwake ndine. Ukudziwa amene anagula munda wa a Nakagiri pa mtengo wa njinga? Bambo ake a Dale Boothby. Dale yemweyo ndiye wapampando wa komiti, ndipo tsamba lonse lomaliza la Lantern ndi malonda a kampani yake sabata iliyonse. Akachoka iyeyo, ndi anzake atatu amutsatira, ine nditseka chitseko. Izo ndingapirire. Chimene sindingapirire ndi kuwanyamula Bambo pansi pa tebulo lawo chifukwa mwana wawo wawavula pagulu ali ndi zaka 74.

Analakwa, sindikukana. Ndawerenga kalata yako katatu ndipo ndinalira m'chimbudzi cha ku ofesi, madzi ndikutsegula kuti asamve. Koma mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Dikira. Adokotala sakuwapatsa zaka zambiri. Akapita, ndidzakupatsa tsamba loyamba lonse.

Usalembe kanthu usanandiyankhe.

Lorna

Alder Ford
7 Meyi 1976

Mlongo wanga,

Milungu itatu ndilibe yankho lako. Kaya wakwiya, kaya nkhani ija waipereka kale. Tsiku lililonse ndimatsegula nyuzipepala za ku Portland mtima uli m'mwamba. Koma lero sindikulemba zokangana.

Bambo ali m'chipatala. Anagwa Lachiwiri pa khomo la positi ofesi. Usathamange, adokotala akuti atuluka sabata yamawa, ndipo ayamba kale kukonza zolakwika pa chikalata cha zakudya cha m'chipatalamo.

Lachitatu nditapita kukawaona anandikoka mkono. "Mawa ndi Lachinayi." Ndinati ndikudziwa, Bambo, nyuzipepala ituluka, inatulukapo inu mulibe. Anati, "Si zimenezo. M'dirowa yapansi, kumanja. Muli maenvulopu aakulu. Utenge nyuzipepala imodzi yoyera, yosathimbirira inki, uikemo, ulembe adiresi ili pa kakhadi. Ndi dzanja, osati makina. Isaphonye."

Ukukumbuka kuti Lachinayi lililonse, matumba onse atapita, Bambo ankayenda okha kupita ku positi ndi envulopu imodzi m'khwapa? Ine ndinkayesa ndi ya mlongo wawo wa ku Duluth. Amayi mwina ankayesa zina, Mulungu awalandire. Ndinatsegula dirowayo. Kakhadi kalembedwa: Mayi Haru Nakagiri, ndi adiresi ya ku Chicago. Pamwamba pake pali maadiresi ena anayi ofufutidwa ndi mzere. Yoyamba ndi ya msasa wa ku Idaho, 1942. Pansi pa maenvulopu panali tsamba lija, lopindidwa panayi, lofewa ngati nsanza chifukwa chogwiridwagwiridwa.

Zaka 34, Wendell, sabata iliyonse. Nditabwerera ndinawafunsa ngati amayankhidwa. Anati, "Ayi." Ndinati nanga mumatumiziranji. Anatembenukira kukhoma.

Adiresi ndakulembera kuseri kwa pepalali. Ndayang'ana pa mapu, ndi pafupi ndi kwanu. Iwe ndi amene umati munthu azikafunsa mwini wake.

Lorna

Chicago
24 Meyi 1976

Achemwali,

Pepani. Sindinakwiye nanu, ndinadzikwiyira ndekha, chifukwa za kamphoto zija munalasa pomwe. Nkhaniyo ndinailemba, inatuluka yokoma kwambiri, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kunandinyansa. Ili m'dirowa. Bambo ali bwanji?

Ndinapita Loweruka. Ndi masiteshoni anayi okha pa sitima, zaka khumi ndi ziwiri ndimadutsa pansi pa zenera lawo. Anatsegula chitseko ndi Sachiko. Ndi namwino pa chipatala cha ana, wamfupi, tsitsi layamba imvi. Nditatchula dzina langa anandiyang'ana kuyambira nsapato.

"Halvorsen? Ndinu kamwana kamamina kaja Lorna ankakakoka m'ngolo? Ee, mwakula. Lowani, nsapato musiye pomwepo. Lorna akadali ndi chofufutira changa?"

Anandipatsa tiyi. Ndinayamba kulankhula zimene ndinakonza m'sitima, koma anandidula. "Inu, musavutike ndi mawu a m'buku. Tsambalo ndikulidziwa, ndinaliwerengera Amayi ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, chifukwa m'nyumba wodziwa Chingerezi ndinali ine." Bambo ake anawatengera kwina, osati kumsasa kumene banja linapita. Anamwalira ndi chibayo mu Novembala 1943, ndipo Sachiko sanawaonenso chichokere m'mawa umene anawamanga, manja ali akuda ndi mwaye wa mbaula. Anazinena zonsezi mofatsa ngati akuwerenga kutentha kwa wodwala.

Ndinafunsa za nyuzipepala. Anaseka. "Imafika Lolemba, ikachedwa Lachiwiri. Nkhani zanu zonse timazidziwa. Pepani za Amayi anu. Ndipo denga lija simunakonzebe?"

"Ndiye mumawerenga?"

"Ine ndimawerenga, ndine wamiseche. Amayi sawerenga. Dikirani muone."

Mayi Nakagiri ali ndi zaka 79. Anatuluka m'chipinda n'kundiweramira pang'ono. Sachiko anawapatsa Lantern ya sabata imeneyo, envulopu yake ya dzanja lanu. Tsamba loyamba sanaliyang'ane n'komwe. Anatsegula lachiwiri, anaika chala pansi pa TINALAKWITSA, n'kutsika nacho pang'onopang'ono mpaka pansi. Kenako anapinda nyuzipepala n'kupita nayo kukhitchini.

Sachiko anati, "Chingerezi sachidziwa kwenikweni, koma dzina la amuna awo amalizindikira. Ababa ankawauza kuti a Halvorsen ndi munthu woongoka, akalakwitsa amakonza pa tsamba lachiwiri. Tsiku limene anamangidwa, nyuzipepala inali isanatuluke. Itatuluka, Amayi anawalembera kundende, ndipo Ababa anayankha kuti musadandaule, akonza sabata yamawa. Ndiye Amayi akudikira sabata yamawayo. Akaona kuti mulibe, amakulungira minga za nsomba."

Ndinafunsa chifukwa chake sanalembe kalata kuti apemphe. Nkhope yake inasintha. "Tipemphe? Achimwene, za ng'ombe ya a Pruitt anapempha ndani?"

Achemwali, Bambo akuyesa kuti envulopu ija ndi kupepesa. Kuno imafika ngati mbale yopanda kanthu, sabata ndi sabata. Nkhani yanga ya ku Chicago singathandize, ngakhale masamba anayi a mbiri. Mayi aja sadzawerenga zimenezo. Amayang'ana malo amodzi okha, ndipo woyenera kulembapo ndi mmodzi. Sindikuwopsezaninso. Kalatayi muchite nayo zimene mukuona kuti n'zoyenera.

Wendell

Alder Ford
8 Juni 1976

Mwana wanga Wendell,

Ndili bwino. Ndikuyenda ndi ndodo. Mlongo wako anasunga kalata yako masiku khumi m'thumba la juzi, kenako anaisiya patebulo langa pansi pa kaliwo, n'kupita kukajambula ukwati umene unali usanayambe. Ndaiwerenga. Ndime yachitatu ndi yaitali, koma palibe chimene ndingadule.

Ukufuna kudziwa chifukwa chake. Wapolisi anabwera Lachitatu masana, tsamba loyamba lili ndi dzenje, makina akudikira. Anandiuza nkhaniyo. Ndinadziwa kuti ndi mbaula. Usiku wa chisanu uja inenso ndinathandiza a Pruitt kuyatsa zawo. Koma masiku amenewo anthu ankandinong'ona kuti ndimamwa tiyi kwa Nakagiri, ndipo zenera la ofesi linali litaswedwa kale kamodzi. Ndinalemba kuti apolisi akukhulupirira, ndipo ndinadziuza kuti si bodza chifukwa ankakhulupiriradi. Umu ndi mmene timanamira pa ntchito yathuyi, ndi mawu oona. Usadzachite.

Ndinati ndikonza sabata yamawa. Sabata yamawa anyamata awiri a m'tauni anafera kunyanja, ndinati ino si nthawi yake. Nkhondo itatha, mundawo unali wa Boothby, ndinati ndili ndi ana awiri. Nditamva kuti Tatsuo anamwalira ndinadula tsambalo. Sindinadule kubisira inu. Ndinkatsegula bukulo kawirikawiri, ndipo sindinkafuna kukumana nalo mwadzidzidzi. Kenako zaka zinachuluka, ndipo kukonza kunasanduka kuulula kuti ndinakhala chete zaka zonsezo. Ndinkatumiza nyuzipepala kuti adziwe kuti sindinaiwale. Sindinaganize kuti Haru akutsegula tsamba lachiwiri. Ndikanayenera kuganiza. Danga limenelo ndinaliyambitsa ndine.

Mlandu suola. Mbiri yako ulembe mmene ukufunira, ndipo utchule mabanja onse khumi ndi limodzi amene anachotsedwa, mayina awo olondola. Ndakulembera pa pepala lina. Koma za tsamba lachiwiri usakhudze. Wolakwitsa ndiye amakonza.

Zolemba zako zifike pa 21. Pa 22 ndi mochedwa.

Bambo ako,
O. Halvorsen

Alder Ford
2 Julayi 1976

Wendell,

Moni wa munthu wotopa. Yatuluka dzulo, masamba 32, manja anga sakumva sopo. Mbiri yako ndinadulako mizere khumi ya njanji, usalire.

Bambo analemba zawo Lolemba, mphindi zisanu zokha, ngati munthu amene anaziloweza kalekale. Ndinawafunsa ngati tiike pa tsamba loyamba. Anati, "Malo ake ndi omwe aja, zilembo zake zomwe zija." Ndakudulira, nayi:

TINALAKWITSA
M'nyuzipepala yathu ya pa 9 Epulo 1942 tinalemba kuti Bambo Tatsuo Nakagiri anayatsa moto wopereka chizindikiro kwa adani. Si zoona. Bambo Nakagiri anayatsa mbaula zoteteza maluwa a maapozi ku chisanu, monga anachitira mlimi aliyense m'chigwa muno tsiku limenelo. Mkonzi ankadziwa zimenezi ndipo sanapite kukawafunsa. Bambo Nakagiri anamwalira ali m'ndende mu Novembala 1943. Mkonzi akupepesa. O.H.
Sabata yatha tinalemba kuti phwando la ozimitsa moto lidzakhala Lamulungu. Lidzakhala Loweruka.

Dale Boothby anabwera dzulo lomwelo, nyuzipepala ili m'manja, khosi litafiira. "Orrin, pa chikondwerero cha dziko? Mwasowa tsiku lina lofukula maliro?" Bambo anati, "Ndinali ndi masabata 1,700, Dale, onse ndinawaphonya. Pali mzere wolakwika? Ndionetse, ndikonza Lachinayi." Dale anayang'ana, sanapeze, anachotsa malonda ake mpaka kumapeto kwa chaka. Anthu asanu ndi anayi asiya kulembetsa. Mayi Stoltz aakulu anabwera ndi keke, anaiika patebulo, anati, "Tonse tinkadziwa kuti zinali mbaula," n'kutuluka osadikira zikomo. Denga lidikira chaka china. Tikhala.

Envulopu anapita nayo okha ku positi, ndi ndodo yawo, anakana galimoto. Kuyambira pamenepo akungoyang'ana kalendala. Upite kwa a Nakagiri Lolemba, Wendell. Ndipo umuuze Sachiko kuti chofufutira chake ndinachitaya mu 1943, ndine wokonzeka kulemba pa tsamba lachiwiri.

Lorna

Chicago
7 Julayi 1976

Bambo,

Ndikhulupirira mukupeza bwino. Ndikulemba mwachidule, mmene mumakondera.

Lolemba kunalibe positi chifukwa cha chikondwerero. Inafika dzulo, Lachiwiri, ndipo ine ndinali pomwepo. Sachiko ndinali nditamuuza kale, koma iye sanawauze amayi ake.

Mayi Nakagiri anatsegula envulopu ndi mpeni wa buledi. Mbendera ya pa tsamba loyamba sanaiyang'ane. Anatsegula lachiwiri, anaika chala. Chalacho chinatsika mzere umodzi n'kuima. Kenako anamupatsa Sachiko, ndipo iye anawawerengera m'Chijapani. Anati abwereze. Anabwereza. Anafunsa ngati za ozimitsa motozo zikuwakhudza, ndipo atauzidwa kuti ayi, anagwedeza mutu.

Anaitanitsa sizasi. Anadula mosamala, mowongoka, n'kukaika kapepalako patsogolo pa chithunzi cha amuna awo, pambali pa kambale ka mpunga kamene amaikapo m'mawa uliwonse. Analankhula ndi chithunzicho mawu ochepa. Sachiko akuti anati, "Munanena zoona, akonza."

Sanalire. Amene analira ndi ife awiri. Sananene kuti akukhululukirani, ndipo ine sindinafunse, chifukwa sindikanafuna kukulemberani chimene sananene. Potuluka anandiperekeza mpaka pa chitseko, anandigwira mkono, n'kundipatsa uthenga wanu m'Chingerezi chawo chochepa. Ndinaulemba pomwepo kuti ndisasinthe kanthu:

"Muwauze a Halvorsen kuti yafika. Asatumizenso."

Ine mwana wanu,
Wendell

Alder Ford
16 Julayi 1976

Wendell,

Moni. Kalata yako Bambo anaiwerenga kamodzi, anaipinda, anaiika m'dirowa yapansi muja. Tsamba lakale lija anandipatsa kuti ndikalimate m'buku lake, ndipo ndamata. Kudya akudya.

Dzulo, matumba onse atapita, ndinawaona akutsegula dirowa mwachizolowezi. Anatenga envulopu, anasankha nyuzipepala yoyera, anaikamo, anatsegula cholembera. Kenako anakumbukira. Anakhala choncho, cholembera chili m'mwamba, mpaka ine ndinayamba kunamizira kufunafuna chinthu m'kabati. Patapita nthawi anati, "Lorna, mlongo wako uja amakhala nyumba nambala chani?"

Ifika Lolemba, ikachedwa Lachiwiri. Akuti ukapezamo cholakwika uwalembere.

Mlongo wako,
Lorna